Denga Litapita ndi Mphepo: Nyumba ya Alendo Patsinde pa Mapiri a Mchinji

Munthu amene wanyamuka ku Lilongwe kulunjika kumadzulo pa msewu wa M12, akadutsa Msundwe, Namitete, Walilanji ndi Kamwendo, nayenda makilomita pafupifupi 110 m'chidikha cha minda ya fodya, mtedza ndi soya, amayamba kuona patsogolo pake mzere wa mapiri utapingasa ngati linga la mfumu, ndipo akafika patsinde pa mapiriwo ndiye kuti wafika pa Boma la Mchinji, malo amene atsamunda ankawatcha Fort Manning kuyambira m'masiku a nkhondo yawo ndi Angoni a Mpezeni mu 1898. Tauniyi ndi yaing'ono, koma ndi khomo la dziko. Pakuti makilomita 12 okha kuchokera pamenepo pali malire a Mwami, ndipo kuseri kwa malirewo kuli mzinda wa Chipata, umene kale unali Fort Jameson. Njanji inafika kuno mu 1980 ndi thandizo la dziko la Canada, inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, ndipo mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegula maofesi atsopano a pamalire, kuti wapaulendo azidinditsa mapepala ake pamalo amodzi m'malo mwa awiri.

Tauni yokhala pa njira yotere iyenera kukhala ndi pogoneka anthu. Chotero pa Boma, pa Kamwendo ndi kufupi ndi malire pali nyumba zogona alendo zamitundumitundu, kuyambira zolemekezeka, zokhala ndi kapinga wometedwa bwino ndi holo ya misonkhano, kufikira malesitihausi a zitseko zondandalikana pakhonde limodzi, a bafa ndi chimbudzi kuseri, ndi mlonda wofunda chikhoti pageti. Ogonamo ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu odikira mapepala, amayi a geni opita ndi kubwerera ku Chipata ndi ku Lusaka, mavenda a sikelo amene amadzaza boma lino m'masika pofuna mtedza ndi soya, antchito a boma obwera kumisonkhano, ndi abale a odwala ogonekedwa pachipatala chachikulu. Kumapeto kwa Febuluwale kumadutsa Angoni opita ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo kumapeto kwa Ogasiti kumadutsa Achewa ndi mafumu awo opita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Makolo anati mlendo ndi mame; tsono mwini nyumba ya alendo ndi munthu amene anasankha kuti azidya za mame amenewo, ndipo chuma chake chonse chagona pa zinthu ziwiri zimene iye alibe nazo ulamuliro, msewu wobweretsa anthu ndi thambo la pamwamba pa denga lake.

Chaka china, m'mwezi wa Novembala, pamene dziko linali litapsa ndi dzuwa ndipo mvula ya chizimalupsa inali itangonunkhitsa fumbi n'kuleka, ndinagona pa imodzi ya nyumba zoterezi, cha kumtunda kwa tauni. Inali ya zipinda khumi ndi ziwiri, ya mayi wina wachikulire, wamasiye, amene anaimanga pang'onopang'ono ndi malemu amuna ake pa ndalama za fodya, chaka chino chipinda, chaka chamawa chipinda. Tsiku lonse kunatentha kutentha kuja kumene kumakhalitsa chete ngakhale mbalame. Chakumadzulo mitambo inaunjikana kumapiri, yakuda bii, ndipo tili m'kati momaliza nsima magetsi anazima. Poyamba kunabwera kamphepo kozizira kamene tonse tinakalandira ndi chiyamiko. Pambuyo pake kunabwera fumbi, zitseko zinayamba kumenyeka, matalala anagwa pamalata ndi phokoso loti munthu sakanamva mnzake wokhala naye pa mphasa imodzi, ndipo m'kati mwa phokosolo ndinamva kulira kwina kumene sindidzakuiwala kufikira imfa, kulira kwa misomali ikuzuka m'matabwa umodziumodzi, ngati kukukuta kwa mano. Denga la mbali ina ya nyumbayo linadzitukula kawiri monga tambala woyesa mapiko ake, ndipo kachitatu linanyamuka lonse pamodzi ndi mapaso ake n'kukagwa m'munda wa oyandikana nawo, pa mizere imene inali kudikira mbewu.

Zonsezi sizinathe mphindi makumi awiri. Alendo a zipinda zinayi zimene zinasasuka anatulukira pakhonde, wina atanyamula chikwama, wina nsapato zokha, wina atafumbata foni yake pamtima ngati khanda. Ndipo mayi mwini nyumba atafika ndi tochi, chitenje atachifunda kumutu, sanayang'ane denga ngakhale kamodzi, koma anayenda chitseko ndi chitseko akugogoda, akuti odi bambo, odi mayi, kufikira chiwerengero cha anthu amoyo chitafanana ndi chiwerengero cha mayina olembedwa m'buku la alendo. Atatero anagawa anthu monga amagawira nsima pamaliro: amayi awiri anawatengera kunyumba kwake, bambo wina anamuyalira m'chipinda chodyera, ndipo ine, amene chipinda changa chinangodontha pakona, ndinapemphedwa mwaulemu kuti ndilandire mnzanga wa usiku umodzi, dalaivala wa ku Lusaka amene analiza mkonono ngati palibe chachitika. M'mawa mayiyo anaitana onse anayi nawabwezera ndalama zawo, ponena kuti munthu salipira kugona pamvula. Atatu analandira, dalaivala uja anakana, nati ndalamayo igulire misomali.

Wodutsa pamsewu akaona nyumba yosasuka amaganiza kuti chimene chatayika ndi malata. Koma malata ndi chiyambi chabe cha mlandu. Pansi pawo pali siling'i amene akamwa madzi amafufuma n'kugwa, pali matiresi a siponji amene sauma m'kati ngakhale ataanikidwa sabata yathunthu, pali mabulangete, mawaya a magetsi amene sangakhulupiridwenso, ndi zitseko zimene zimatupa n'kukana mafelemu ake. Choopsa choposa zonse ndi khoma lenileni, pakuti nyumba zambiri za m'matauni athu aang'ono ndi za njerwa zootcha zomangira dothi, simenti ili kunja kokha ngati chovala cha pa Sabata. Ndipo khoma lotere likakhala pamtetete, mvula n'kulowa kuchokera pamwamba, limafewa m'kati mosaonekera kufikira tsiku limene lidzakhala pansi lokha popanda wolikankha. Chifukwa chake ntchito yoyamba ya m'mawa umenewo sinali kulira kapena kuwerenga ndalama, koma kuthamangira kusitolo kukagula pulasitiki wakuda ndi kubwereka lona kwa wamagalimoto, kuti mitu ya makoma ifundidwe mvula yachiwiri isanafike. Anyamata a kabaza, amene masiku onse amaima pageti kudikira alendo, ndiwo anakatola malata kumunda kuja, nawasenza anayi anayi. Inde, mutu umodzi susenza denga, ndipo tsiku limenelo mwambiwo sunafune wowumasulira.

Kalipentala amene anabwera kudzaona zowonongekazo, bambo wa imvi wolankhula mosafulumira, anandiphunzitsa chinthu chimene sindinachidziwe, chakuti mphepo sikankha denga monga tiganizira ambirife, koma imaliyamwa. Ikathamanga pamwamba pa denga losatsetsereka kwenikweni imalikokera m'mwamba, ndipo ikapeza polowera pansi, pakhonde lotambalala kapena pazenera losweka, imalitukulanso kuchokera m'kati, kotero kuti denga limagwidwa ndi adani awiri nthawi imodzi. Pamenepo ndi pamene zimaululika zonse zimene mwini nyumba anasungira ndalama tsiku lomanga: malata opyapyala a geji 32, amene amang'ambika mozungulira mutu wa msomali pamene a geji 28 akanapirira, misomali yosalala m'malo mwa yopota, mapaso a bulugama osapaka mankhwala, amene chiswe chinawadya m'kati n'kusiya khungu lokha, ndiponso, koposa zonse, kusowa kwa waya womangira mitanda kukhoma, wokwiriridwa mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi. Denga lopanda wayayo silinamangidwe panyumba, langoikidwapo ngati chipewa. Anatinso khonde liyenera kukhala ndi denga lakelake, kuti likapita lipite lokha osatenga nyumba yonse, ndi kuti denga la mbali zinayi limapirira kuposa la mbali ziwiri. Pomva zimenezi ndinakumbukira nyumba zozungulira za agogo athu, zimene tinaziseka titaona malata, koma zimene zinalibe ngodya iliyonse yoti mphepo igwirepo.

Mphepo inali italanga kutsogolo kwa nyumba. Madzi analanga kuseri. Usiku womwewo, mvula itatsanuka kumapiri, madzi ofiira anatsika ndi kanjira ka anthu kodutsa kumbuyo kwa mpanda, anakumba pansi pa maziko ake n'kuugwetsa, nadzaza dzenje la chimbudzi mpaka pakamwa. Mlonda, amene anabadwira kufupi ndi pamenepo, anati kanjirako kanali khwawa iye ali mwana, lisanakwiriridwe ndi kugawidwa mapuloti. Ndipo madzi saiwala khwawa, ngakhale khwawalo litalembedwa m'mabuku a khonsolo kuti ndi malo a munthu.

Nkhani ya madziwa ndi nkhani ya mapiri. Nkhalango ya Mchinji inaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1924, ndipo m'mapiri amenewa ndimo muchokera mtsinje wa Bua, umene umadutsa chigawo chapakati chonse kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Pamene mapiriwo anali ovala mombo ndi msuku, mvula inkagwera pamasamba, n'kutsikira pa zinyalala za pansi, n'kulowa m'nthaka mwakachetechete, n'kudzatulukira m'akasupe ndi m'madambo m'chilimwe, pamene anthu aifuna. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 600,000 m'boma lino, ndipo aliyense wa iwo afuna nkhuni, afuna munda, afuna njerwa. Uvuni uliwonse umadya mitengo, chigafa chilichonse cha fodya chimadya milimo, ndipo thumba lililonse la makala limene limatsika panjinga mbandakucha linali mtengo dzana. Pamalo pamene paseteka, mvula ya ola limodzi imatsika yonse m'ola lomwelo, itanyamula dothi ndi miyala. Ndipo pano ndiyenera kunena mawu amene sakomera eni nyumba za alendo, ngakhale ndiwachitira chisoni: njerwa za zipinda zawo zinaotchedwa ndi mitengo ya m'mapiri omwewo, ndipo madzi osamba amene mlendo amawapeza pakhomo pake m'mawa amatenthetsedwa ndi makala ochokera komweko. Sindikuwaweruza, pakuti ine ndemwe ndinasamba madziwo n'kuyamika. Ndikungoti mlandu wa phiri ulibe mboni yosalakwa.

Komabe a ku Mchinji ayenera kuthokoza, pakuti chimene iwo amachitcha tsoka ndi mwana chabe wa chimene abale awo a kumwera anachiona. Kumeneko anthu amatchula Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka n'kukokolola zonse za panjira yake. Anachitchula ku Zomba mu Disembala 1946. Anachitchulanso ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linasanza madzi ndi miyala n'kupha anthu mazanamazana, ngozi imene inachititsa boma kukhazikitsa lamulo loyamba la za ngozi zogwa mwadzidzidzi chaka chomwecho. Ndipo mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy, amene anabadwira kutali kufupi ndi Australia, nayenda panyanja ndi pamtunda masiku 36, nthawi imene namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku sanakhalepo; iye anagumula phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe ali m'tulo, anasiya akufa ndi osowa opitirira 1,000, anachotsa m'nyumba zawo anthu opitirira 650,000, ndipo madera monga Nkhulambe ndi Muloza anakhala masiku osafikika pamsewu. M'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Zomba, kumene nyumba za alendo zimadalira anthu okwera mapiri ndi odzaona malo, ngakhale nyumba imene makoma ake sanagwedezeke inali ngati yagwa, pakuti mlatho ukaduka mlendo safika, ndipo mlendo wakutali akamva mbiri ya maliro amasintha ulendo wake wa chaka chonse.

Mchinji ali kutali ndi nyanja yamchere, ndipo anamondwe akamafika kuno amakhala atatopa, atasanduka mvumbi wa masiku angapo. Koma namondwe ali ndi njira zina zofikira pamene mapazi ake sanaponde, ndipo imodzi mwa njirazo ndi waya wa magetsi. Pa 24 Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, nazimitsa makina opanga mamegawati pafupifupi 130, ndiko kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko lonse, ndipo kukonza kwake kunatenga nthawi yopitirira chaka. Mwini lesitihausi wa ku Mchinji, amene sanaonepo Kapichira ndi maso ake, analipira nawo mlanduwo tsiku ndi tsiku: nyama inawonongeka mufiriji, zakumwa zinatentha, pampu inaleka kukweza madzi m'thanki, wailesi ya kanema imene imaitana anthu kudzaonera mpira inakhala chete, ndipo mlendo wofika usiku anapatsidwa kandulo pamodzi ndi kiyi. Amene anali ndi jenereta anakumana ndi mizere ya mafuta ya chaka chomwecho; amene anali ndi kangachepe anagula sola ya mababu ochepa ndi potchajira mafoni, popeza mlendo wa masiku ano akhoza kukhululukira mdima koma sakhululukira foni yozima. Pamwamba pa izi panagwa kolera wa 2022 ndi 2023, woopsa kuposa wina aliyense m'mbiri ya dziko lino, amene anapha anthu opitirira 1,700; ndipo kuyambira pamenepo chimbudzi chodzaza madzi a mvula pafupi ndi chitsime chinaleka kukhala nkhani ya fungo chabe.

Tsono funso limene ndinkafunitsitsa kulimva yankho lake linali lakuti ndalama zokonzera zichokera kuti. Ndinayamba ndatchula inshuwalansi, ndipo mayi uja anandiyang'ana mwachifundo, monga ayang'anira mwana wofunsa ngati mwezi uli ndi mwini. Mahotela akuluakulu a m'mizinda ali nayo inshuwalansi. Lesitihausi ya zipinda khumi ndi ziwiri, imene ndalama zake zimalowa madzulo n'kutuluka m'mawa, inshuwalansi yake ndi anthu. Pali banki m'khonde, gulu la amayi osonkha ndi kubwereketsana, limene limapereka msanga koma pang'ono. Pali mwana amene ali ku Joni, amene foni yake imalira usiku womwewo. Pali mwini sitolo ya zomangira amene angapereke malata pangongole chifukwa anadziwana ndi malemu. Ndipo kumapeto kwa mzere, ataima mwaulemu ndi modekha ngati fisi pamphepete pa khola, pali wakatapira. Chowawa ndi chakuti tsoka limeneli limasankha nyengo yake mwanzeru zoipa: limagwa kumayambiriro kwa dzinja, pamene ndalama zonse za m'nyumba zapita ku feteleza ndi mbewu, pamene mavenda anapita kale ndipo alendo achepa, pamene ndalama yeniyeni sidzaonekanso kufikira masika. Malata, simenti ndi misomali zimatsata mtengo wa ndalama zakunja, kotero kuti kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, denga limene munthu analimanga ndi fodya wa chaka chimodzi linafuna fodya wa zaka zingapo kuti libwerere pamalo pake.

Njira imene nyumba zoterezi zimapulumukira, monga ndinaionera, ndi ya kamba, yosachititsa kaso koma yofika. Zipinda zowonongeka zimatsekedwa, zotsala zimagwira ntchito, ndipo ndalama ya chipinda chamoyo ndiyo imaukitsa chipinda chakufa, chimodzi chimodzi, monga momwe nyumbayo inamangidwira poyamba. Malata opindika amawongoledwa ndi nyundo pa thabwa, mabowo ake n'kumatidwa ndi phula. Amene sangabwerere padenga la alendo amapita ku bafa, a ku bafa amapita ku khola la nkhuku, ndipo palibe chotayidwa. Matiresi amaanikidwa pa mpanda, pamaso pa tauni yonse, chinthu chimene mwini nyumba aliyense amachita ndi manyazi, pakuti ndi chimodzimodzi kulengeza pamsika kuti kwathu kwagwa tsoka.

Boma silikhala chete ngozi zotere zikagwa. Mafumu ndi makomiti a m'midzi amalemba mayina, khonsolo imatumiza malipoti ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo pakapita masiku kumabwera chimanga, nyemba, ndowa, mabulangete ndi mapulasitiki ofolera. Thandizoli ndi la mabanja, ndipo n'koyenera kuti likhale lotero, pakuti wosowa pogona ayenera kutsogola. Koma mwini nyumba ya alendo amawerengedwa m'gulu la opeza bwino, ngakhale kupeza bwino kwake kwagona m'munda wa mnzake kutapindika. Ndiponso pa usiku wa mkuntho iye ndiye amakhala ndi khonde lalikulu ndi nyali, kotero kuti oyandikana nawo amene nyumba zawo za zidina zagwa amayamba afika kwa iye asanapite kusukulu kapena kutchalitchi. Ndipo ndani angawerengere ndalama mayi wobereka mwana kumbuyo, wonyowa, pakati pa usiku? M'fanizo lija la Msamariya wachifundo timakonda kutama Msamariyayo, n'kuiwala mwini nyumba ya alendo amene anatsala ndi wodwala. Komatu iye anasiyiridwa ndalama ndi lonjezo la zina. Wa ku Mchinji amatsala ndi wodwala yekha.

Denga limakonzeka, mpanda umamangidwanso. Chimene chimachedwa kuchira ndi dzina. Madalaivala ali ndi nyuzipepala yawoyawo, yofalitsidwa pakamwa pa mzere wa pamalire ndi pa WhatsApp, ndipo ikangolengeza kuti pakutipakuti pamadontha, kapena kuti zofunda zake zimanunkha chinyontho, mawuwo amafika ku Lusaka malata atsopano asanakhomedwe. Chifukwa chake mwini nyumba wanzeru amalola kutaya ndalama ya usiku umodzi pobweza mlendo pachipata, koposa kumugoneka m'chipinda chimene khoma lake lamera nkhungu; ndipo pamenepa ndinazindikira kuti kubweza ndalama kwa mayi uja m'mawa muja sikunali chifundo chokha, kunalinso malonda a munthu woona patali. Amene amalipira mwakachetechete ndi antchito, mtsikana wochapa zofunda, mnyamata wokolopa, wophika, amene zipinda zikachepa amauzidwa kuti ayambe apuma kufikira zinthu zitakhala bwino, ndipo amabwerera kumudzi m'miyezi yomwe ija ya njala, Januwale ndi Febuluwale, pamene kumudziko ankayembekezera kuti iwo ndiwo atumize ufa. Mayina awo salembedwa m'lipoti lililonse la ngozi, popeza nyumba zawo sizinagwe.

Ndinabwereranso panyumba ija mu Ogasiti wotsatira, m'sabata ya Kulamba, pamene msewu wa ku Mwami unali wodzaza ndi mabasi ndi malole a anthu ovala nsalu za mwambowo, ndipo ndinapeza malo chifukwa chakuti mayi uja anandikumbukira, nanditcha bambo a usiku wa mphepo. Denga linali la mitundu iwiri, malata atsopano akunyezimira pakati pa akale a dzimbiri ngati chigamba cha nsalu yatsopano pa malaya akale. Pansi pa khonde ndinaona waya wokhuthala utazengedwa pa mtanda uliwonse n'kulowa m'khoma, pulasitala wake akadali wa mtundu wina. Kuseri anali atakumba ngalande yoyalamo miyala, yotsata ndendende njira ya khwawa lakale, ndipo m'mphepete mwake munali mzere wa udzu wa vetiva ndi timitengo tingapo totchingidwa ndi minga kuopa mbuzi. Pa zipinda zinayi zija, ziwiri zinali zitatsegulidwa; ziwiri zinali zofolera koma zopanda siling'i, ndipo anali atazibwereketsa kwa venda wina kuti asungiremo matumba a soya, amene safunsa za bulangete kapena madzi otentha. Mtsikana wochapa zofunda anali atabwerera; wophika anali atapeza ntchito ku Chipata.

Buku la alendo linali lomwe lija, lotupa ndi madzi, masamba ake a Novembala atamatirirana, inki itayenderera kotero kuti dzina langa lomwe sindinathe kuliwerenga. Ndinalemba pa tsamba latsopano, ndinalandira kiyi, ndipo usiku umenewo kunja kunali nyenyezi zokhazokha ndi kamphepo kozizira ka mwezi umenewo. M'mawa kusanayere ndinamva belu la njinga pageti, ndi mawu a anthu awiri akunenerera mtengo monong'ona. Ndinasuzumira pazenera, ndipo ndinaona matumba atatu a makala atamangidwa pakaliyala, mwini wake ali thukuta kamukamu ngakhale kunali kuzizira, atatsika nawo kuphiri usiku. Patapita kanthawi mlonda anagogoda pachitseko changa, nati odi bambo, madzi afunda.